Diso la Makina ndi Phulusa la Abiti Dinala

Mukafika kwa Mponda n'kufunsa nyumba ya Che Jaffalie, anyamata a kabaza amangoyang'anana. Koma tangonenani kuti mukufuna kwa Akanema, muona atatu akulimbirana chikwama chanu. Dzinali anawapatsa ndi asodzi kalekale, mafoni asanatilowe m'matumba. Eni ake ankalikana, ati munthu woswali kasanu pa tsiku sangatchedwe dzina la chinthu. Koma dzina la pamudzi ukamalikana m'pamene limamera mizu.

Ali mnyamata, Che Jaffalie ankagwira ntchito pa hotela ina ku Makokola, yonyamula mipando ndi kuyala nthambo m'chipinda cha misonkhano. M'chipindamo munali makina oponya zithunzi pakhoma, aja amati pulojekita, chimakina cholemera ngati injini ya boti. Eni hotela atagula atsopano, anati akalewo akatayidwe. Kutaya? Che Jaffalie anawakulunga m'bulangete, n'kuwamangirira panjinga, n'kuikankha njingayo wapansi mpaka kwawo poopa mabampu. Anafika mapazi atatupa. Akazi awo, Abiti Dinala, anachizungulira chinthucho n'kuchigogoda ndi chala.

"Nanga chimenechi chimaphika chiyani?" anafunsa mayiwo.

"Chimenechi chitiphikira tonse," anayankha amuna awo.

Ndipo sananame. Kuseri kwa nyumba anamanga chipinda chopanda windo, mabenchi ake a matabwa a bwato lakale, onunkha usipa mpaka lero. Abiti Dinala analumikiza nsalu ziwiri zoyera n'kuzipachika kukhoma. Ena a mavidiyo m'tauni muno ankaonetsa pa timawayilesi ta kanema toti uziyang'ana utatsinzina diso limodzi, koma kwa Che Jaffalie munthu wa m'filimu ankaima wamtali ngati iwe wemwe. Wa karate akaponya mwendo, a benchi yakutsogolo ankazinda. Mwera ukaomba, asodzi n'kulephera kulowa m'madzi, chipindacho chinkadzaza usana wonse, ena n'kumasuzumira m'ming'alu ya chitseko.

Pa makina onsewo, chimene Che Jaffalie ankachilemekeza ndi galasi lakutsogolo lija lotulukira kuwala. Amisiri amati lenzi, iwo ankati diso. Akatseka ntchito ankalizungulitsa pang'onopang'ono, n'kulichotsa, n'kuliuzira mpweya, n'kulipukuta ndi kansalu ka kofiya yakale, kenaka n'kuligoneka m'chitini cha mabisiketi. Panalibe wina wololedwa kulikhudza. Ankanena poyera kuti, "Njinga bwerekani, mpeni bwerekani, koma diso langa ayi."

Nanga Abiti Dinala? Abale inu, mayi ameneyo! Ankakhala pakhomo pa vidiyo ndi beseni la mandasi, ndipo filimu ikafika poseketsa, a m'katimo ankamva kuseka kwawo kuchokera panja, chikhalirecho iwo sakuona kanthu. Ankasekera kuseka kwa anthuwo. Anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo ndi chipini pamphuno, ndipo manganje akalira m'nyengo ya zinamwali, mwendo wawo sunkafunsa chilolezo kwa munthu. Chilema chawo chinali chimodzi, ukhondo wopyola muyezo. Poto wawo unkadziona nkhope. Chilichonse chooneka chakuda m'nyumbamo chinkakumana ndi phulusa ndi mchenga, kaya ndi ketulo, kaya ndi galasi la nyali.

Mwana wawo anali mmodzi, Naima. Atakula anakwatiwa ndi Sadik, mnyamata wofatsa wa ku Chowe, amene anabwera kudzamanga pachikamwini pompo. Ulemu umene unali pakati pa Sadik ndi apongozi ake aakazi, ana a masiku ano akhoza kuuseka. Akakumana panjira, mayiwo ankapatukira kutchire, mnyamatayo n'kuyang'ana kumbali. Akafuna kupatsana moni, wina amakhala kuseri kwa mpanda. Pakhomo pamodzi zaka zonsezo, koma maso awo sanagundanepo. Abiti Dinala ankati mkamwini ndi dzuwa, umaotha koma sumuyang'ana.

Monga amachitira anyamata ambiri a ku Mangochi, Sadik anapita ku Joni kukasaka ntchito. Chaka chimene mwana wake wamwamuna ankatuluka ku ndagala, kumsasa kuja amavinirako anyamata, anabwerako ndi kamera yojambula kanema m'chikwama. Tsiku la chikondwererolo m'mawa anatuma mkazi wake kwa apongozi aamuna.

"Baba," anatero Naima, "bambo a mwana akuti kamerayi mugwire ndinu. Akuti inu ndi amene mumadziwa za zithunzi."

Che Jaffalie anali akusesa m'vidiyo. Tsiku ngati limenelo anthu amachuluka m'mudzi, ndipo iwo anali atalonjeza filimu yatsopano ya ku India.

"Ukamuuze kuti ine ndimaonetsa, sindijambula," anatero. "Ajambule yekha, manja ali nawo."

Sadik anajambuladi yekha. Pobwerera ku Joni anasiya disiki, ndipo Che Jaffalie anaiponya m'chitini muja pansi pa diso. Abiti Dinala anapemphapo kangapo kuti aione. Yankho linali lomwelomwe, "Za pakhomo pano tidzaonera, tiyambe taonetsa zodyetsa anthu." Nanga n'kufulumiriranji kuona mkazi pansalu, mkaziyo ali pakhomo pomwepo akukazinga mandasi? Zengerezu adalinda kwawukwawu, akulu sananame.

Kenaka anabwera mafoni. Msodzi aliyense anayamba kuonera filimu yake m'dzanja, atagona chagada pamchenga. Mabenchi anayamba kuchepa anthu, tsiku lina n'kulowa ana okhaokha, tsiku lina mbuzi. Che Jaffalie anatseka chitseko, makina n'kulowa pansi pa bedi, iwo n'kuyamba kugulitsa mbedza ndi ulusi wokonzera maukonde pakhonde. Sanadandaule mokweza. Ankangoti dziko latembenuka, anthu akonda tinthu ting'onoting'ono.

Chaka china, Idi itayandikira, Abiti Dinala anatulutsa zonse za m'nyumba kuti ayeretse. Anapeza chitini chija, n'kutsegula, n'kuona diso lachita nkhungu yotuwa chifukwa chokhalitsa. Mtima unawawawa. Chinthu chimene chinalera Naima chizioneka chonchi pa Idi? Anatapa phulusa losefa bwino, anawonjezera kamchenga pang'ono, n'kukhala pansi pa mango, n'kulikwecha ndi chala chachikulu mozungulira, mbali zonse ziwiri, monga ankachitira ndi galasi la nyali. Amuna awo pobwera kumzikiti analipeza litaikidwa pambale yoyera, mayiwo akumwetulira pambali.

Che Jaffalie analinyamula n'kuliloza kudzuwa. Linali layera mbuu, ngati diso la nsomba yophika.

"Mwatani, Abiti?"

"Ndatsuka. Linada."

"Mwalipha! Inu manja anuwo ndi a mapoto basi. Ndinakuuzani kangati kuti musakhudze?"

Mawu awo anali amenewo, ndipo anamveka mpaka kuseri kwa mpanda. Abiti Dinala anayang'ana chala chawo chotuwa ndi phulusa. "Ndimati musangalale," anatero, n'kutola mbale ija kulowa nayo m'nyumba. Idi ya chaka chimenecho mpunga unadyedwa mwakachetechete. Pambuyo pake anagwirizana monga amagwirizanirana anthu okalamba, wina kuwonjezera shuga mu tiyi wa mnzake, wina kugulira mnzake mpango kumsika. Koma za diso sanazitchulenso, ndipo mawu opepesa sanatuluke.

Ndiye kunabwera kolera uja anatikutumula m'mbali mwa nyanja muno nthawi ya mvula. Abiti Dinala anadzuka m'mawa akuti m'mimba mwapota. Pofika masana anali atafooka moti anachita kuwanyamula kupita nawo kumsasa wa odwala. Che Jaffalie anatsala pampanda wa msasawo, poti sankalola kulowa. Chimene anaona komaliza ndi mapazi a akazi awo akulendewera pamachira. Mawa lake anawaitana n'kuwauza kuti zalephereka. Thupi linatuluka litakulungidwa kale m'pulasitiki, likununkha mankhwala. Amayi a mumzikiti sanalisambitse monga mwa mwambo, ndipo panalibe wololedwa kuvundukula kumaso. Anaika tsiku lomwelo mvula ikugwa, anthu ataima patalipatali.

Imfa tonse timaidziwa, ndipo Che Jaffalie anailandira monga Msilamu, anati tinachokera kwa Mulungu ndipo kwa Iye tidzabwerera. Chimene sanachiyembekezere chinabwera miyezi itapitapo. Tsiku lina atakhala pakhonde anafuna kukumbukira nkhope ya akazi awo, koma nkhope osabwera. Mawu ankawamva bwinobwino. Kayendedwe, mapazi, fungo la mafuta a mandasi pansalu, zonse zinalipo. Koma akati ayang'ane kumaso, pankangoti zii. Anachita mantha bamboyo, thukuta kutuluka ngati wathamanga.

Naima anawabweretsera chitupa cha unzika cha malemuwo. Anachiyang'ana n'kuchibweza.

"Awa si amako. Amako anayamba atsekapo pakamwa chonchi? Apa akuoneka ngati awagwira ndi katundu wakuba."

Chithunzi china panalibe. Mayiwo sankakonda zojambulitsa, ndipo mwamuna amene anadyetsa banja ndi zithunzi za anthu a ku India sanaganizepo zojambula mkazi wake. Apa m'pamene anakumbukira disiki ija.

Anayamba kukaiyesa pa wayilesi ya kanema ya oyandikana nawo. Mdzukulu anaoneka bwino, atavala suti ndi magalasi akuda, amuphimba ndi ambulera. Koma Abiti Dinala anangooneka kamodzi, chakumapeto, patali pansi pa mango, m'mphepete mwenimweni mwa chithunzi, mutu wawo ngati njere ya nyemba. Che Jaffalie anabwerera kwawo, anasolola makina pansi pa bedi, anasesa m'chipinda chija, n'kupachikanso nsalu. Makina analira, nyali yake inayaka. Diso lokwechedwa lija linaponya chithunzi chachikulu ndithu, koma cha chifunga, ngati ukuyang'ana kudzera m'madzi otsukira mpunga. M'chifungamo munaima mayi wa nsalu yachikasu, wamtali ngati munthu weniweni. Anatembenuka, dzanja n'kupita kukamwa.

Che Jaffalie anaimitsa disiki pomwepo.

"Naima! Tabwera udzaone amako akuimba nthungululu! Taona, akuseka!"

Naima anayang'ana nthawi yaitali. "Eya, Baba," anatero motsitsa, n'kutuluka msanga.

Kuyambira tsiku limenelo bamboyo anali ndi ntchito imodzi yokha, kupeza diso lina loti lichotse chifungacho, awone mpata wa m'mano uja nkhope isanawathawiretu.

Anapita kumsika wa pa boma kwa a Bonface, okonza mawayilesi, munthu wa tchalitchi koma mnzawo wakalekale. A Bonface anapukusa mutu. Makina a mtundu umenewo anasiya kupangidwa mdzukulu uja asanabadwe, ati lenzi yake uchite kuichotsa pa makina ena akufa. Komabe anafufuza m'makatoni mwawo, n'kupeza imodzi yochokera pa pulojekita ya holo ina. Inalowa bwinobwino, kuwala kwake kwabwino. Koma inali yoponya patali. M'kachipinda ka Che Jaffalie chithunzi chonse chinangokula ngati lichero, Abiti n'kubwereranso kukhala nyemba.

"Kuti chikule, makinawa mukawaike kuseri kwa nyumba ya aneba anu, mubowole makoma awiri," anatero a Bonface. Ankanena moseka, koma ataona mnzawo akuyeza khoma ndi maso, anasiya kuseka.

Yachiwiri inachokera kwa munthu wina wa ku Monkey Bay. Imeneyo inali yoponya pafupi, chithunzi chodzaza khoma lonse, koma thupi lake linali lowonda, losagwira pakamwa pa makina. Anaikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga mpaka inakhala. Pakati pa chithunzi panaoneka bwino zedi, mabatani a suti ya mdzukulu kuchita kuwerengeka. Koma m'mphepete monse munali mopindika ndi mosungunuka, anthu atatalika ngati mithunzi ya m'mawa. Nanga Abiti anaima pati? M'mphepete momwemo. Anayesa kupendeketsa makina, anaika njerwa, anachotsa njerwa, anasuntha nsalu, koma ayi ndithu.

"Achimwene," anatero a Bonface akupukuta thukuta, "zinthu izi zili ngati nsapato. Yokula n'njokula, yothina n'njothina. Yoyenera makina anuwa ili ku Joni, kumene amataya zoterezi. Si muli ndi mkamwini kumeneko?"

Che Jaffalie anajambulitsa makinawo pafoni ya Naima, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kutumiza. Sadik anayankha mwaulemu kuti afufuza. Mwezi unatha. Anati sanaipeze. Mwezi wina anati waipeza koma sitolo yatsekedwa. Kenaka anati basi imene akanatumizira yawonongeka. Mnyamata amene ukamutuma mankhwala a mano amafika sabata yomweyo! Che Jaffalie anapsa mtima, anayamba kulankhula zoti akamwini a masiku ano akadya za ku Joni amaiwala amene anawapatsa malo omangapo. Naima ankangomva, maso ali pansi. Tsiku lina bambo ake anamulanda foni n'kulankhula okha.

"Che Sadik, ine sindinakupempheni galimoto. Ndakupemphani kagalasi. Nkhope ya mayi anu ikundithawa, mwamva? Mukufuna ndife ndisanaione?"

Kumbali inayo Sadik anati, "Ndamva, Baba. Ndibwera nayo ndekha pa sadaka."

Anabweradi, pa sadaka yokumbukira malemuwo chaka chitatha. Mashehe atawerenga, anthu atadya n'kubalalika, dzuwa likadali pamutu, Che Jaffalie anakoka mkamwini wawo ndi Naima kulowa nawo m'chipinda cha vidiyo n'kutseka chitseko. Sadik anamasula thaulo. Munali malenzi awiri, onse a pakamwa poyenera. Ina inali yopepuka, ya pulasitiki, ina yolemera, ya galasi lenileni ndi mkombero wachitsulo.

Pamenepo Che Jaffalie anabwerera unyamata. Anawayeza m'manja, anawauzira mpweya, anawaloza ku kuwala kwa pansi pa chitseko. Disiki ya banja sanayambe nayo, anati diso saliyesera pa chinthu chaulemu. Anaika filimu yakale ya karate. Yopepuka ija inaonetsa bwino ndithu, koma mofewa, m'mphepete muli kautsi pang'ono. Yolemera itangolowa, ha! Ndevu za mkulu wa m'filimuyo zinaoneka imodzimodzi, kuyambira pakati mpaka kungodya zonse za nsalu.

"Baba," anatero Sadik, "yopepukayi sipweteka maso. Kwa munthu wamkulu ngati inu, bwanji yomweyi? Inayo ndibwerera nayo."

"Ndakhala m'chifunga miyezi yonseyi, lero mukundipatsa utsi? Ikani disiki."

Sadik anayang'ana mkazi wake. Naima anaika disikiyo.

Koma ndiye zinaoneka, abale. Mudzi wonse unalowa m'chipindamo, amoyo ndi akufa omwe. Fumbi la manganje, mikanda, thukuta pamphumi pa oimba ng'oma. Che Jaffalie anaimirira pafupi ndi nsalu, manja kumbuyo, akutchula maina a anthu. Kenaka kamera inatembenukira kumango kuja. Abiti Dinala anali atafulatira, akuvina, mapewa akugwedezeka, nsalu yachikasu ija maluwa ake kuoneka limodzilimodzi. Wina anawakodola. Anayamba kutembenuka. Khutu linaoneka, tsaya linayamba kutuluka, chipini chinang'anima. Pomwepo anazindikira amene wagwira kamera. Dzanja linakwera ngati mphezi, litagwira nsonga ya mpango, n'kuphimba nkhope yonse kuyambira pamphumi mpaka kuchibwano. Anawerama mwaulemu n'kuzembera kuseri kwa mtengo.

Sizinali nthungululu. Anali mayi akubisa nkhope pamaso pa mkamwini wake.

"Bwezani," anatero Che Jaffalie.

Naima anabweza. Khutu, tsaya, chipini, mpango.

"Bwezaninso. Muimitse asanakweze dzanja."

Anayesa, anayesanso. Akaimitsa msanga, linali khosi ndi khutu. Akachedwa pang'ono, unali mpango. Pakati pake panalibe kanthu. Diso latsopanolo silinabise chilichonse, ngakhale ulusi wosomoka m'mphepete mwa mpangowo unkaoneka, ndi chala chachikulu chija chitaugwira zolimba.

Sadik anagwada pansi pa fumbi. Bambo wa ndevu zake analira ngati mwana.

"Ndinkadziwa, Baba. N'chifukwa chake ndinkazengereza. Tsiku lija ndinayesa kangapo konse, ndikangoloza kumene ali, iwo aphimba. Anali mayi anga, sakanandiyang'ana. Inenso nkhope yawo sindiidziwa bwino, ndimadziwa mapazi awo. N'chifukwa chake m'mawa muja ndinatuma kuti kamera mugwire ndinu. Mukanagwira inu, akanakusekerani."

Che Jaffalie anakhala pa benchi yakutsogolo, pamene ankakhala ozinda mwendo wa karate aja. Anakumbukira tsache lili m'manja, ndi filimu ya ku India imene lero sakumbukira n'komwe mutu wake. Ankafuna wina woti amukalipire, koma m'chipindamo munalibe wolakwa. Mkamwini anachita ulemu, malemu anachita ulemu.

"Dzukani, Che Sadik," anatero pomaliza. "Munandibweretsera chimene ndinapempha. Amako, Naima, anali munthu wolemekeza anthu."

Anadikira makina azizire. Kenaka anazungulitsa diso latsopano lija, n'kulichotsa, n'kulipukuta bwinobwino monga mwa chizolowezi, n'kulikulunga m'thaulo pamodzi ndi linzake.

"Mukawapatse a Bonface, adzathandizira ena."

Anatsegula chitini cha mabisiketi n'kutulutsa lakale. Anakankha chitseko pang'ono, n'kuliloza kudzuwa monga anachitira tsiku lija. Nthawi yonseyi ankangoona kuti lawonongeka. Tsopano anaona mizere yake, yozungulira, yoyandikana bwino, yosadumpha malo, yofanana ndendende ndi ya pansi pa mapoto a m'nyumba mwawo. Anaika chala chawo chachikulu pamenepo n'kutsatira mzere umodzi.

"Munatsuka bwino, Abiti," anatero. "Ndinalankhula zoipa."

Analibwezera pa makina. Chifunga chinabwerera pansalu, mayi wa nsalu yachikasu anatembenuka, dzanja n'kupita kukamwa.

Mpaka lero ali konko, kwa Mponda, akugulitsa mbedza pakhonde. Nkhope ija sinabwerere, ndipo anasiya kuisaka. Koma magetsi akakhalapo masana, mlendo aliyense amene wakhala nawo kanthawi amamulowetsa m'chipinda chija, n'kumukhazika pa benchi yonunkha usipa. Amayatsa makina, amadumphitsa suti ndi ambulera, n'kuimitsa pa mango paja. Zoona zake akuzidziwa, musaganize kuti mutu wasokonekera. Adzakulozerani ndi chala n'kunena kuti, "Awo ndi akazi anga, akuimba nthungululu." Ndiye akakufunsani ngati mukuuona mpata wa m'manowo, chonde, inu nenani kuti eya.